Momwe mungaphunzitsire osmosis ndi mbatatesi, mchere ndi rula kusukulu yopanda labu

Funsani kalasi ya Fomu 3 kuti osmosis n'chiyani, muona manja ali m'mwamba. Akuimbirani chiganizo chonse cha m'buku osaphonya ndi liwu limodzi lomwe. Mukatero afunseni kuti n'chifukwa chiyani kabichi ndi tomato wa pa chiwaya amatuluka madzi akangothiridwa mchere. Kalasi yonse zii. Wolimba mtima adzati mcherewo wasungunuka n'kusanduka madzi, wina adzati mchere wayamwa madzi ngati thonje. Awa ndi ana omwe aja angokuimbirani tanthauzo lija.

Chimene chimawagwetsa n'chimodzi. Analoweza mawu akuti "from high concentration to low concentration" koma sadziwa kuti akunena kuchuluka kwa chiyani, kwa madzi kapena kwa mchere. Tsiku la mayeso a MANEB amangoponya mwala kuchaire, ndipo ambiri amatembenuza muvi. Njira ndikufotokoza pansipa imafuna mapiriyodi awiri ogundizana, mphindi 80, ndi piriyodi ina mawa lake ya galafu. Dzina lakuti osmosis mulisunge kaye m'thumba mpaka ana ataona okha madzi atayenda.

Zofunika kukhala nazo

Izi ndi za kalasi yogawidwa m'magulu 10.

- Mbatatesi zikuluzikulu 6, zolimba, zosafota komanso zosaphukira. Zazing'ono sizitulutsa tizidutswa totalika mokwanira.
- Mchere wosalala wa m'paketi. Wamiyala wa pamsika muyambe mwausinja, apo ayi muyeso wa supuni unama.
- Shuga, masupuni angapo chabe.
- Mabotolo apulasitiki 5 a 500 ml otsuka bwino, ndi ena 10 odula pakati kuti matako ake akhale makapu.
- Supuni yaing'ono ya tiyi, mpeni wakuthwa, thabwa lodulirapo, ndi malezala atsopano ochepa.
- Rula yooneka bwino mamilimita pa gulu lililonse.
- Timbale tosaya 3, nsalu yoyera kapena mapepala opukutira, cholembera chosafufutika, ndi foni yoonera nthawi.
- Chubu chakale cha njinga ndi tayala lake, ngati mungabwereke kwa okonza njinga.
- Madzi abwino. Kumene mjigo umatulutsa madzi amchere, monga m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje, tungani madzi amvula kapena gulani a m'botolo. Madzi amene mukuwatcha opanda mchere akakhala kuti ali ndi mchere kale, zotsatira zonse zipendekeka.

Dzulo lake

1. Sakanizani madzi amchere a misinkhu isanu. Lembani mabotolo asanu aja A, B, C, D ndi E, ndipo lililonse mulilembe mzere pa theka. Mu E thiranimo masupuni 4 a mchere osalaza pamwamba ndi mpeni, osati a mulu, kenako dzazani madzi n'kukhutchumula mpaka mchere wonse usungunuke. Supuni yaing'ono yosalaza imanyamula magalamu pafupifupi 6, ndiye kuti mwathira magalamu 24 m'madzi a 500 ml, pafupifupi 5 peresenti. Tsanulirani theka la E mu D, dzazani D ndi madzi: 2.5 peresenti. Theka la D mu C, dzazani: 1.25 peresenti. Theka la C mu B, dzazani: pafupifupi 0.6 peresenti. Mu A muli madzi okhaokha.

Chenjerani: khutchumulani botolo lililonse musanatsanulire m'linzake. Mukathamanga, madzi a pamwamba amakhala osukuluka kuposa a pansi, ndipo C atha kufanana ndi B.

2. Yesani nokha kaye. Dulani tizidutswa tiwiri, kena muike mu A kena mu E, mudikire mphindi 35. Mbatatesi zimasiyana. Ndi bwino kuti ikuchititseni manyazi muli nokha kukhitchini kusiyana ndi pamaso pa ana 80.

3. Wiritsani theka la mbatatesi imodzi kwa mphindi 10, lizizire. Mulifuna pa sitepe 8.

M'kalasi: mphindi 25 zoyambirira

4. Yambani ndi funso la kumsika, osati ndi mutu wa phunziro. Pabolodi musalembepo kanthu. Funsani zinthu ziwiri zimene aliyense anaziona: n'chifukwa chiyani amayi ogulitsa mpiru ndi chigwada amawaza madzi pa ndiwo zawo dzuwa likakwera, nanga n'chifukwa chiyani mlimi akathira feteleza atagundiza phata la chimanga chaching'ono, chimangacho chimafota ngati chapsa ndi moto? Lembani mayankho awo onse pakona ya bolodi, olakwika omwe, ndipo musanene kuti walondola ndani. Mudzabwererako kumapeto.

5. Dulani tizidutswa. Sendani mbatatesi zitatu, muzidule ngati tchipisi toonda, kunenepa kwake mamilimita 5 kapena 6 mbali zonse. Tindandalikeni pathabwa, muike rula pamwamba, mudule nsonga zonse pamodzi kuti kalikonse katalike mamilimita 50 ndendende. Mufuna 30, ndi ena apadera. Tisakanizeni kuti gulu limodzi lisatenge ta mbatatesi imodzi yokha.

Apa ndi pamene ntchito imaonongekera kawirikawiri. Nsonga ikadulidwa mopendekeka, ana awiri ayeza kachidutswa kamodzimodzi n'kupeza manambala osiyana ndi mamilimita 2, pamene kusintha kumene tikufuna kuona nakonso ndi kwa mamilimita 2 kapena 4 basi. Khungu lisatsaleko, chifukwa khungu la mbatatesi silidutsa madzi mosavuta. Tizidutswa todula musatisiye pamtetete, tiuma; musatisungenso m'madzi monga amachitira a tchipisi, chifukwa tikhuta madzi ntchito isanayambe. Tiphimbeni ndi jumbo. Ngati mwalola ana kudula okha, lezala likhale latsopano, mwana mmodzi pa gulu ndiye aligwire, ndipo wina akadzicheka lezala limenelo litayidwe pompo.

6. Ayeze, alembe, akhudze. Gulu lililonse litenge tizidutswa 3 ndi kapu imodzi. Magulu awiri atenge A, awiri B, mpaka E. Asanaviike ayeze okha kutalika n'kulemba m'kope, ngakhale mwawauza kale kuti ndi 50. Onetsetsani kuti akuyambira pa 0 wa rula, osati kunsonga kwa pulasitiki, osatinso pa 1. Mudzadabwa kuti alipo a Fomu 3 amene amayambira pa 1. Kenako aliyense apindeko kachidutswa pang'ono ndi zala kuti akumbukire kulimba kwake.

7. Aviike onse nthawi imodzi, ndipo alosere. Madzi amize tizidutswa tonse. Werengani mpaka katatu, onse aponye, inu muyambitse wotchi ya mphindi 35. Tsopano aliyense alembe m'kope ndi bolopeni, osati pensulo, chimene akuganiza kuti chichitikira kachidutswa kake: katalika, kafupika kapena kakhala chimodzimodzi, ndi chifukwa chake. Ambiri a gulu E amalemba kuti katupa chifukwa mchere ulowa. Asiyeni. Mwana amene walemba yekha chinthu n'kuona chikumutsutsa saiwala msanga.

8. Ikani timiphika ta mbatatesi kutsogolo. Tengani mabandu atatu: awiri aawisi ndi lowiritsa lija. Lililonse mulisende kunsi, mulidule kuti likhazikike, ndipo pamwamba mukumbe kadzenje ndi supuni osabowola mpaka pansi. Pukutani madzi m'maenjemo. Likhazikeni lililonse m'kambale ka madzi ofika theka la msinkhu wake. M'bandu limodzi laliwisi ndi m'lowiritsa thiranimo supuni ya shuga wouma. Laliwisi linalo lisiyeni lopanda kanthu. Itanani ana awiri adzachitire umboni kuti m'maenje onse ndi mouma.

Podikira: mphindi 35 za kufotokoza

9. Apatseni mawu awiri a Chichewa: kusukuluka ndi kukolera. Mwana aliyense amadziwa Sobo wosukuluka, uja wa paphwando alendo akachuluka, ndi Sobo wokolera. Funsani: mu uti muli madzi ambiri pa kapu imodzi? Mu wosukuluka. Mu uti muli shuga wambiri? Mu wokolera. Jambulani makapu awiri pabolodi, timadontho ta choko choyera tikhale madzi, timipira tikulutikulu tikhale shuga, ndipo ana awerenge okha. Pansi pa kapu yosukuluka lembani mayina ake onse a Chingerezi: dilute solution, high concentration of water molecules, low concentration of solute. Pansi pa yokolera lembani otsutsana nawo. Auzeni mosabisa kuti mayina atatuwo akunena kapu imodzimodzi. Ine ndimaona kuti mphindi zisanu zimenezi n'zimene zimapulumutsa malikisi ambiri pa mutu wonsewu, ndipo ndi zimene aphunzitsi ambiri timazidumpha poganiza kuti n'zachidziwikire.

10. Fotokozani kachikopa ka selo ndi neti ya udzudzu. Mphepo imadutsa pa neti, udzudzu ayi. Selo iliyonse yamoyo yakutidwa ndi kachikopa kopyapyala, cell membrane, kamene kamalola madzi kudutsa mosavuta koma kamatsekereza shuga ndi mchere wambiri. Ndiye tanthauzo la selectively permeable, ndipo mabuku ena amalemba semi-permeable kapena partially permeable. Awonetseni mayina onsewo kuti asadzadzidzimuke m'mayeso. Auzeninso pamene fanizoli likuthera: neti ndi nsalu yakufa yongoyang'ana kukula kwa chinthu, pamene kachikopa ka selo n'kamoyo, ndipo mukakaphika kamaonongeka.

11. Sewerani osmosis ndi matupi. Tulukani panja ngati m'kalasi mwathina. Ndandalikani mipando pakati, kusiya mipata yoti munthu mmodzi n'kudutsa chammbali. Ana oyenda okhaokha ndi madzi. Ana atatuatatu okolana mikono ndi shuga, ndipo saloledwa kumasulana. Kumanzere ikani madzi 20 opanda shuga. Kumanja ikani madzi 8 ndi magulu 4 a shuga. Lamulo ndi limodzi: yendani mwachisawawa, mukafika pampata dutsani ngati mungathe, kaya mukupita uku kapena uko. Pakatha mphindi imodzi imitsani, muwerenge.

Kumanja madzi achuluka. Koma funsani ngati alipo amene anachoka kumanja kupita kumanzere, ndipo atatu kapena anayi akweza manja. Pamenepo ndi pofunika kuima. Madzi amadutsa mbali zonse ziwiri, kungoti ochoka kosukuluka amachuluka kuposa obwerera. Kusiyana kumeneko ndiko mabuku amati net movement. Palibe amene anakoka mnzake. Shuga sanaitane aliyense.

Mudzakhala phokoso, ndipo anyamata ena adzayesa kulowetsa shuga wawo mokakamiza n'kugwetsa mpando. Kuseka kumeneko sikuononga kanthu, bola mpandowo muuimikenso n'kufunsa kuti selo yake ikanatani kachikopa katang'ambika chonchi.

12. Chubu ndi tayala. Bwererani m'kalasi mujambule selo ya chomera: khoma lakunja, kachikopa mkati mwake, ndi thumba lalikulu la madzi pakati, vacuole. Khoma ndi tayala, kachikopa ndi zam'kati mwake ndi chubu. Mukapopa, chubu chimakankha tayala ndipo gudumu limalimba: turgid. Mpweya ukachepa gudumu limafewa: flaccid. Ukathera, chubu chimanyala n'kusiyana ndi tayala, koma tayalalo likadali pomwepo: plasmolysed. Nanga chubu chopanda tayala mukangopopabe? Chimaphulika. Selo yofiira ya magazi ilibe khoma, ndiye ikaikidwa m'madzi okhaokha imatupa mpaka kuphulika. N'chifukwa chake diripi ya kuchipatala sikhala madzi wamba. Yodziwika kwambiri imakhala ndi mchere wa 0.9 peresenti, wofanana mphamvu ndi madzi a m'magazi.

Mphindi 20 zomaliza

13. Avuule, apukute pang'ono, ayeze. Kupukuta kukhale kongogunditsa pansalu, osafinya. Ayeze tizidutswa tonse titatu ndi rula yomwe ija anayezera poyamba, apeze avereji, ndipo mlembi wa gulu adzalembe pa tebulo la pabolodi. Manambala anu adzakhala anuanu, koma kawirikawiri A amatalika ndi milimita imodzi kapena awiri, E amafupika ndi atatu kapena anayi, ndipo B ndi C amangosuntha pang'ono.

Musathamangire manambala okha. Tengani kachidutswa ka A ndi ka E, tizungulire kalasi yonse dzanja ndi dzanja. Ka A n'kolimba gwa, mukakapinda kamathyoka kuti thyo. Ka E kali lendelende, mutha kukapinda nsonga n'kukumana osathyoka. Kusiyana kumeneku zala zimakumva ngakhale rula itanama. Musalole kulawa, chifukwa tadutsa m'manja ambiri.

14. Funsani funso limodzi, mobwerezabwereza: madzi apita kuti? Kachidutswa ka A katalika, ndiye chalowa n'chiyani? Madzi. Achokera kuti? M'kapu. Ndiye kosukuluka kunali kuti, m'kapu kapena m'maselo? M'kapu. Chitani chimodzimodzi ndi E mpaka anene okha kuti m'maselo ndimo munali mosukuluka poyerekeza ndi m'kapu, ndipo madzi atuluka. Mukatero lembani pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu: madzi amachoka kosukuluka kupita kokolera, kudzera pa kachikopa kosankha. Pansi pake ndi pamene mulembe liwu lakuti osmosis, ndi tanthauzo la m'buku lija. Auzeni alifananize liwu ndi liwu ndi chiganizo cha Chichewacho.

Konzekerani mwana wochenjera amene adzati, "Koma aphunzitsi, mbatatesi yoviika m'madzi amchere imamveka mchere, ndiye mchere walowatu." Musamutsutse, chifukwa sakunama. Khoma la selo limadutsa chilichonse chosungunuka, ndiye madzi amchere amalowa m'makoma, m'mipata ya pakati pa maselo, ndi m'maselo amene mpeni unang'amba. Chimene chikutsekereza ndi kachikopa ka mkati. Ndipo chikanakhala kuti kulowa kwa mchere ndiko nkhani yaikulu, kachidutswa kakanatupa, osati kufupika.

15. Pitani ku timiphika tija. M'bandu laliwisi la shuga mwasonkhana madzi. Laliwisi lopanda shuga ndi louma. M'lowiritsa shuga wangonyowa koma madzi sanakwere ngati m'loyamba. Funsani chimene bandu lililonse likutiuza. Lopanda shuga likusonyeza kuti madzi sangokwera okha popanda mbali yokolera. Lowiritsa likusonyeza kuti shuga payekha sakoka madzi ngati tizikopa ta maselo taphedwa ndi moto. Uja anati mchere umayamwa ngati thonje ayankhe yekha kuti thonje lake lalephereranji m'mbatatesi yophika. Liwu lakuti control, kutanthauza chinthu chofananizira monga bandu lopanda shuga lija, aliphunzire pano, akuloza ndi chala, osati pa tsamba lina la buku.

Belu likakupezani musanafike apa, musadandaule. Siyani timbaleto pawindo, ana adzaone popita kunyumba. Madzi amakhala atachulukirapo.

Mawa lake

16. Peresenti ndi galafu. Kusintha kwa kutalika, kugawa ndi kutalika koyamba, kuchulukitsa ndi 100. Kachidutswa kochoka pa 50 kufika pa 52 kasintha ndi +4 peresenti. Kochoka pa 50 kufika pa 46 kasintha ndi -8 peresenti. Limbikirani chizindikiro cha + ndi -, chifukwa nambala yopanda chizindikiro siikunena ngati madzi analowa kapena anatuluka. Ambiri amagawa ndi kutalika komaliza. Yendani m'mizere muone makope.

Pa galafu, mzere wogona ndi wa kuchuluka kwa mchere, woimirira ndi wa peresenti ya kusintha. Awachenjezeni asanagwire pensulo kuti 0 akhale pakati pa tsamba, chifukwa manambala ena apita pansi pake. Mipata ya mzere wogona itsate manambala enieni: kuchoka pa 2.5 kufika pa 5 ndi kutali kawiri kuposa kuchoka pa 1.25 kufika pa 2.5. Ana amakonda kungoika A, B, C, D, E motalikirana mofanana, galafu n'kupindika molakwika.

Tsopano alozeni pamene mzere wawo wadutsa pa 0. Pamenepo kachidutswa sikakanatalika kapena kufupika, kutanthauza kuti madzi a m'kapu akolera mofanana ndi a m'maselo. Pa mbatatesi zambiri malo amenewa amagwera chapafupi ndi 1 peresenti, pakati pa B ndi C. Funsani ngati madzi asiya kuyenda pamenepo. Akumbutseni sewero la mipando: akuyendabe, koma olowa ndi otuluka ndi ofanana.

17. Bwererani ku mayankho a pakona ya bolodi. Mayi wa mpiru uja akuthandiza masamba ake kuti asataye madzi ndi kuti maselo akhale okhuta ngati tayala lopopa. Feteleza wogundiza phata amasungunuka n'kuchititsa madzi a m'dothi kukolera kuposa a m'mizu, ndiye m'malo moti mizu imwe, imataya madzi. N'chifukwa chake alangizi amati kabowo ka feteleza kakumbidwe patali pang'ono ndi phata, ndiponso pothira dothi likhale lonyowa. Onjezani nsomba zothira mchere ngati bakayawo: sizionongeka msanga chifukwa mchere umatulutsa madzi m'nsombamo ndi m'tizilombo toyambitsa kuola tomwe. Afunseni abweretse chitsanzo china cha kwawo. Chilichonse chimene abweretsa chiyesedwe ndi mafunso atatu: kosukuluka ndi kuti, kokolera ndi kuti, kachikopa kali pati?

18. Aphunzitseni kulemba yankho la mayeso. Kumvetsa m'Chichewa n'kofunika, koma pepala la MSCE limalembedwa m'Chingerezi, ndipo wochonga amafuna mfundo zooneka. Yankho la funso la osmosis likhale ndi miyendo inayi: mbali iti ndi yokolera, madzi achoka kuti kupita kuti, adzera pati ndipo mwa njira yanji, kenako chachitika n'chiyani ku maselo. Lembani chitsanzo chimodzi pamodzi nawo: "The salt solution was more concentrated than the cell sap. Water moved out of the potato cells into the solution through the selectively permeable membrane by osmosis. The cells became flaccid and the strip became shorter." Chachiwiri, cha kapu A, alembe okha. Chachitatu chikhale cha chinthu chimene sanachione, monga selo ya magazi m'madzi amchere wambiri. Asinthane makope, aliyense afufuze miyendo inayi ija m'yankho la mnzake.

Ngati sukulu yanu ili ndi maikulosikopu ngakhale imodzi, sendani kachikopa kofiira ka anyezi wofiira, kaikeni pagalasi ndi dontho la madzi, ana aone maselo odzaza utoto. Kenako donthezani madzi a botolo E m'mbali. Pakapita mphindi zochepa utoto uja umanyala n'kusiya makoma, chubu chija chasiyana ndi tayala.

Zolakwika zimene zimabwera kawirikawiri

*Kusiya tizidutswa usiku wonse m'madzi amchere.* Mchere wambiri ukakhalitsa umapha maselo, tizikopa timasiya kusankha, ndipo manambala amasokonekera. M'madzi okhaokha namo mbatatesi imayamba kuola kukatentha. Mphindi 35 mpaka ola limodzi n'zokwanira. Mukafuna kusiya nthawi yaitali, gwiritsani ntchito shuga m'malo mwa mchere.

*Tizidutswa tonenepa ngati tchipisi ta pa chiwaya.* Madzi amachedwa kufika pakati, ndipo belu lilira rula isanaone kanthu.

*Kuphunzitsa diffusion, osmosis ndi active transport tsiku limodzi.* Pa sikimu zimaoneka zabwino, koma m'mitu ya ana zimasanduka phala limodzi. Diffusion, kufalikira kwa zinthu kuchoka kochuluka kupita kochepa, ikhale itadutsa kale sabata yapita, ndi dontho la inki m'kapu ya madzi ozizira osagwedeza. Active transport idikire mpaka osmosis itakhazikika, chifukwa mukangotchula zoyenda kuchoka kochepa kupita kochuluka, muvi uja ayambanso kuutembenuza.

*Mawu a ife eni aphunzitsi.* Timati "mchere ukukoka madzi", "selo ikufuna madzi", "madzi akuthawa". N'zosavuta kunena, koma mwana amazimasulira m'Chingerezi momwemo n'kulemba kuti salt sucked the water, wochonga n'kudula. Nenani kuti madzi ayenda, achoka uku apita uko. Mukamva mwana akunena "concentration" osamaliza, mudulireni pomwepo ndi funso lakuti ya chiyani.

*Kusokoneza khoma ndi kachikopa.* Ambiri amalemba kuti cell wall ndiyo imasankha zodutsa, mwina chifukwa khoma limamveka lamphamvu. Pojambula gwiritsani choko cha mitundu iwiri nthawi zonse, ndipo pa chithunzi cha selo yonyala afunseni kuti mumpata wa pakati pa khoma ndi kachikopa muli chiyani. Adzati mpweya, kapena mulibe kanthu. Muli madzi amchere a m'kapu aja, amene adutsa khoma popanda chowaletsa.

*Kunena kuti selo ya nyama yakhala turgid kapena plasmolysed.* Mawu awiriwa ndi a maselo okhala ndi khoma. Selo yofiira ya magazi imaphulika m'madzi okhaokha, ndipo m'madzi okolera imakwinyika.

*Kukonza manambala a gulu limene zawasokonekera.* Nthawi zina gulu limodzi la D lipeza kuti kachidutswa katalika. Chiyeso chimakhalapo chofufuta mwakachetechete kuti tebulo lioneke bwino, ndipo ana nawonso amakopera kwa anzawo akaona kuti zawo zasiyana. Zisiyeni pabolodi, muzizungulize ndi choko, kalasi ifufuze chimene chinachitika. Kawirikawiri mupeza kuti anasinthanitsa makapu, kapena poyamba anayeza wina ndipo pomaliza wina ndi rula ina, kapena kachidutswa kamodzi kanali ndi nsonga yopendekeka. Pa galafu dontho limenelo aliike ndithu, koma mzere usadutsepo, ndipo pambali alembe chifukwa chimene apeza.